Kadontho Kofiira

Maso anga anayamba kundikana chaka chomwe mvula inachedwa.
Kachitsulo ka kunsonga kwa mfuti kanasanduka tiwiri,
khoswe pa thumba la mtedza
nandiyang'ana, napukuta ndevu, napitiriza kudya.

Mfutiyo ndi yampweya, yothyola pakati.
Ndinaigula ndi ndalama za fodya
fodya adakali ndi ulemu.
Zaka khumi ndi zinayi sinaphonyepo kawiri motsatizana.
Lero ikuboola malata,
ndipo NaZulu watha mabeseni kutchera madontho.

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka pa Kamwendo
kwa Jelasi, mnyamata wooda katundu ku Chipata,
wogulitsa matochi, maloko ndi mankhwala a nsikidzi pa benchi imodzi.
Anayala timagalasi titatu pa katoni.

Koyamba kanali kolemera, kakuda bii,
mtengo wake matumba anayi a mtedza wosenda.
"Aka, madala, ngakhale kagwere mu Bua kadzayakabe."
Ndinamuuza kuti sindikukasaka ng'ona.

Kachiwiri kapulasitiki, mtengo wa atambala awiri.
Ndinakagogoda ndi chikhadabo,
kadontho kanalumphira kumanzere
ngati mboni yodyetsedwa chibanzi.
Jelasi anayang'ana kumsewu.

Kachitatu kanalibe bokosi.
Galasi lake linali ndi chipsera m'mphepete,
batire lake laling'ono ngati batani la jekete.
Ndinakagogoda, phee.
Ndinatuluka nako padzuwa la masana,
n'kuloza khoma la chigayo:
kadontho kanalipo, kofooka, koma kosasuntha.
Tinakangana mpaka nditamva ludzu.
Anachotsako pang'ono, ine ndinawonjezerako pang'ono,
ndalama ya kabaza inatsala pa benchi pomwepo.

Ndikunyamuka anandiitana:
"Koma musamatsinzine. Aka n'ka maso onse awiri."

Ndinaseka njira yonse, wapansi.
Ine amene ndatsinzina diso lamanzere kuyambira pa legeni,
ndikaphunzire kwa mwana wobadwa dzana?

Madzulo atatu ndinalimbana ndi chitini cha mafuta pa chitsa,
kupotokola tizikuluwu ndi nsonga ya mpeni,
kukweza, kutsitsa, kubwezanso,
mpaka chipolopolo ndi kadontho zinamvana
ngati anthu okhala mpanda umodzi osakondana.

Usiku wachinayi tinalowa mosungira mtedza.
NaZulu anagwira tochi.
Khoswe anatulukira pa mtanda,
kadontho kanakhala paphewa pake,
ndipo ndinatsegula diso linalo.

Ndinaona khoswe, inde.
Ndinaonanso mng'alu wa khoma
umene ndakhala ndikuti ndimata mvula ikatha.
Ndinaona kuti matumba ndi asanu ndi awiri
pamene ndimauza anthu ku tchalitchi kuti khumi.
Njinga ya Sitifano itapachikidwa pomwe anaisiya
popita ku Joni, matayala ataphwa, zaka zitatu osaimba foni.
Ndi dzanja logwira tochi lija,
likunjenjemera pang'ono,
sindikudziwa kuti linayamba liti.

"Ombani, nanga mukudikira chiyani?"

Ndinaomba. Anagwa kuseri kwa matumba, phi.
NaZulu anamunyamula kumchira, namuponyera galu,
nati malata apumeko tsopano.

Tagona, ndinaona kuwala pakona pamene ndimatsamiritsa mfuti,
kakhala kamoto kamodzi kosatentha kanthu.
Ndinaiwala kuzimitsa.
Ndinakayang'ana nthawi yaitali,
diso ili litsegule, ilo litseke, ili litseke, ilo litsegule,
mpaka mawu anachokera kukhoma:
"Dzukani mukathimitse.
Batire limenelo kuno kulibe, mpaka ku Chipata."

Ndinadzuka.
Pobwerera ndinagwira dzanja lija mumdima
kuti ndimve ngati limanjenjemeranso kutulo.